Uthenga ukalowa m'khutu umathera kuti? Malangizo kwa aphunzitsi, alangizi ndi ophunzira

Munthu akanena kuti "ndamva", nthawi zambiri sakunama. Wamvadi, koma kumva, kusunga ndi kudzakumbukira ndi ntchito zosiyana m'ubongo, ndipo uthenga ukhoza kufera pa iliyonse mwa ntchitozi. Mphunzitsi wa Sitandade 6 ku Namwera, mlangizi wa zaumoyo ku Makanjira, wapampando wa komiti ya asodzi m'mbali mwa nyanja ya Malombe, mwalimu wa pa madrasa, ngakhale wophunzira amene akudziwerengera yekha pokonzekera MSCE, onsewa amalimbana ndi chinthu chimodzi: zanenedwa dzulo, mitu yagwedezedwa, lero palibe chatsala. Chizolowezi chathu ndi kuweruza munthuyo kuti ndi wamphwayi kapena wouma mutu. Chigamulo chimenechi sichikonza kanthu. Chothandiza ndi kupeza pamene uthengawo wathera, chifukwa malo alionse ali ndi kakonzedwe kake.

M'chaka cha 1968 akatswiri awiri a ku America ofufuza za kaganizidwe ka munthu, Richard Atkinson ndi Richard Shiffrin, anagawa ulendo wa uthenga patatu. Poyamba maso ndi makutu amagwira chilichonse chimene chafika, koma kwa kamphindi chabe. Kenako zochepa zimene munthu waikapo maganizo zimalowa m'chikumbukiro cha nthawi yochepa, momwe timaganizira ndi kuwerengetsera zinthu. Pomaliza zina mwa izo zimakhazikika m'chikumbukiro cha nthawi yaitali. Chapakaticho chili ngati lichero ndipo chomalizacho ngati nkhokwe: nkhokwe ndi yaikulu, koma chilichonse cholowamo chimadutsa pa lichero, ndipo lichero likadzaza zowonjezera zimatayikira pansi. Kafukufuku wa pambuyo pake wakonza zambiri pa kafotokozedwe kameneka, komabe pa ntchito ya tsiku ndi tsiku kakadali kothandiza.

Choyamba: tsimikizani kuti zafikadi m'maso ndi m'makutu

George Sperling mu 1960 ankaonetsa anthu zilembo 12 m'mizere itatu kwa gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Akawafunsa zonse, ankatchula 4 kapena 5 zokha. Koma akaliza kabelu kosonyeza mzere woti atchule zilembozo zitangozima, ankatchula pafupifupi mzere wonse, ngakhale sankadziwiratu kuti afunsidwa mzere uti. Kabeluko kakachedwa ndi sekondi imodzi, mwayi umenewu unkatha. Maso amaona zambiri, koma chithunzicho chimafufutika sekondi isanakwane. Liwu limachedwako pang'ono m'khutu, masekondi awiri mpaka anayi, n'chifukwa chake munthu amatha kufunsa kuti "mwati chiyani?" kenako n'kuyankha musanabwereze.

Apa zochita ndi zochepa. Mukanena mfundo yofunika, khalani chete masekondi awiri kapena atatu musanapitirize. Musafufute pa bolodi wakumbuyo asanamalize kuona. Mvula ikamagunda denga la malata, lekani kufotokoza zatsopano, perekani ntchito yolemba. Mwana amene amatembenuza mutu kuti amve ndi khutu limodzi, kapena amene amatsinzinira poyang'ana kutsogolo, muikeni pafupi ndipo makolo ake akamuyezetse.

Chachiwiri: gwirani chidwi musanayambe, osati muli mkati

Pa zonse zimene zafika m'maso ndi m'makutu, zimapitirira ndi zokhazo zimene munthu waikapo maganizo. Colin Cherry mu 1953 ankachititsa anthu kumva mauthenga awiri nthawi imodzi, wina khutu lamanja wina lamanzere, n'kuwauza kuti azibwereza mokweza uthenga wa khutu limodzi. Pomaliza anthuwo sankadziwa chimene chinanenedwa m'khutu linalo. Ankazindikira liwu likasintha kuchoka pa la mwamuna kupita pa la mkazi, koma chilankhulo chitasinthidwa kuchoka pa Chingerezi kupita pa Chijeremani ambiri sanadziwe n'komwe. Neville Moray mu 1959 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu amamva dzina lake likatchulidwa m'khutu losamvetseralo. Dzina la munthu lili ndi mphamvu yoboola, ndipo ndi chida chaulere.

Maso nawonso amachita zomwezo. Mu 1999 Daniel Simons ndi Christopher Chabris anaonetsa anthu kanema wa magulu awiri akuponyerana mpira, n'kuwapempha kuti awerenge maulendo amene gulu lovala zoyera lapatsirana. Mkati mwa kanemayo munadutsa munthu atavala ngati nyani wamkulu uja wotchedwa gorilla. Pafupifupi theka la oonerawo sanamuone. Maso anali pomwepo, maganizo anali pa mpira.

Choncho musanayambe, mutchuleni munthuyo ndi dzina kapena mfunda wake ndipo dikirani akuyang'aneni. Muuzeni kuchuluka kwa zimene zikubwera: "Amayi, ndili ndi zinthu zitatu zoti ndikuuzeni." Chotsani chopikisana nacho. Mayi amene akubereka mwana wolira, akuwerenga chenje kapena akuyang'ana ngati kabaza wamuthawa sali nanu, ngakhale akugwedeza mutu, mudikireni amalize. M'kalasi cholakwika chofala kwambiri ndi kufotokoza pamene ana akukopera zolembedwa pa bolodi. Kukopera ndi kumvetsera zonse zimafuna njira imodzi ya mawu m'ubongo, ndiye china chimagwa, ndipo nthawi zambiri chimagwa ndi chimene mphunzitsi akunena. Auzeni aike zolembera pansi, fotokozani, kenako apatseni nthawi yolemba muli chete.

Anthu amene amati amatha kuchita zinthu ziwiri nthawi imodzi amakhala akudumphadumpha pakati pa ziwirizo, ndipo kudumpha kulikonse kumadya nthawi. David Strayer ndi William Johnston mu 2001 anapeza kuti anthu ocheza pa foni uku akuyeserera kuyendetsa galimoto pa kompyuta ankaphonya zizindikiro zofiira zoti aime kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi pamene sankacheza, ndipo panalibe kusiyana kaya foni ili m'manja kapena ayi. Wa njinga yamoto amene wapanikiza foni m'chipewa chake pa msewu wa ku Monkey Bay wamasula manja okha, maganizo akadali pa foni. Wophunzira nayenso asamadzinamize kuti foni yoyang'anitsa pansi pambali pa kope siikumusokoneza. Aizimitse kapena aisiye chipinda china mpaka amalize mutu umene akuwerenga.

Chachitatu: perekani zochepa, zomangidwa m'magulu, ndipo zibwezedwe

Apa ndi pamene mauthenga ambiri amafera, ndipo olakwa nthawi zambiri ndife opereka uthenga.

George Miller mu 1956 analemba kuti chikumbukiro cha nthawi yochepa chimanyamula zinthu pafupifupi 7, kuchotsera kapena kuwonjezera ziwiri. Nelson Cowan ataunikanso kafukufuku wambiri mu 2001 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 4, ngati munthu sakubwereza chamumtima kapena kumanga zinthuzo m'magulu. Pokonza uthenga gwiritsani ntchito 4, ndipo kwa wodwala, wamantha, wanjala kapena mwana wamng'ono tsikani kufika pa 3 kapena 2. Nthawi yake ndi yochepanso. Lloyd ndi Margaret Peterson mu 1959 ankapatsa anthu zilembo zitatu zokha, n'kuwachititsa kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo kuti asabwereze zilembozo. Patatha masekondi 18, ankakumbukira molondola pafupifupi kamodzi pa maulendo 10. Masekondi 18 ndi nthawi yochokera pa zenera lolandirira mankhwala kufika pa geti, munthu atapatsana moni ndi mnzake panjira.

Alan Baddeley ndi Graham Hitch mu 1974 anasonyeza kuti chikumbukiro chimenechi chili ndi mbali zingapo: mbali ya mawu, imene imagwira ntchito tikamabwereza chamumtima, mbali ya zithunzi ndi malo, ndi mbali yoyang'anira imene imagawa chidwi. Pali mfundo ziwiri zothandiza pamenepa. Yoyamba ndi yakuti mawu ndi chithunzi sizilimbirana malo kwambiri, choncho kufotokoza uku mukuloza chojambula kapena chinthu chenichenicho kumanyamulitsa munthu zambiri kuposa mawu okha. Yachiwiri ndi yakuti mbali ya mawu imasunga zimene munthu angathe kutchula m'masekondi pafupifupi awiri, monga Baddeley ndi anzake anapezera mu 1975. Mawu aatali amadzaza msanga. "Zisanu ndi zinayi" ali ndi maphatikizo 7 pamene "naini" ali ndi atatu, ndiye si ulesi kuti pa msika ndi pa foni anthu amatchula manambala mwachidule chomwecho. Nambala ya foni ya kuno ili ndi manambala 10, oposa malire, koma timaigawa patatu, anayi, atatu, atatu, ndipo kagulu koyamba timakadziwa kale kuti ndi ka Airtel kapena TNM.

Kukula kwa kagulu kumadalira zimene munthu akudziwa kale. William Chase ndi Herbert Simon mu 1973 ankaonetsa anthu bolodi ya masewera a chess kwa masekondi 5. Katswiri ankabwezeretsa tizidutswa tambiri kuposa wongoyamba kumene ngati tinaikidwa monga m'masewera enieni, koma tikangomwazidwa mwachisawawa kusiyanako kunkatsala pang'ono kutheratu. Katswiriyo analibe mutu waukulu. Ankaona magulu pamene wongoyamba ankaona tizidutswa tokhatokha. Mlangizi amene wafotokoza za katemera kwa zaka zambiri amaona mfundo imodzi pamene mayi wa mwana woyamba akuona mfundo zisanu ndi imodzi, ndipo wodziwayo ndi amene amaiwala msanga kuti zinali zovuta.

Ku Mangochi kuno pali katundu winanso. Ana ambiri amalankhula Chiyao kunyumba, m'makalasi oyambirira amaphunzira m'Chichewa, ndipo mayeso a PSLCE amabwera m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Mwana amene akumasulira chamumtima wadzaza kale mbali ina ya chikumbukiro chake asanafike pa samu yeniyeniyo. Mfundo yatsopano iyambe yamveka m'chilankhulo chimene mwanayo amaganizira, mawu a Chingerezi abwere mfundoyo itakhazikika. Kuphunzitsa mfundo yatsopano ndi mawu atsopano pa nthawi imodzi ndi kupereka ntchito ziwiri.

Taonani chitsanzo cha mankhwala a malungo a LA, amene amamwedwa maulendo 6 m'masiku 3, ndipo chiwerengero cha mapiritsi chimatengera kulemera kwa wodwala. Roy Kessels ataunika kafukufuku wa zachipatala mu 2003 anapeza kuti odwala amaiwala nthawi yomweyo pakati pa 40 ndi 80 peresenti ya zimene auzidwa. Uthenga wa LA ugaweni panayi. Kumwa koyamba kuchitike pomwepo, inu mukuona. Kwachiwiri ndi pakatha maola 8, koma musamusiyire wodwala samuyo: ngati wamwa 10 koloko m'mawa, muuzeni kuti amwenso 6 koloko madzulo. Mawa ndi mkuja amwe m'mawa ndi madzulo. Amwe atadya, makamaka chakudya chamafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka, ndipo amalize onse ngakhale thupi lipepuke. Lozani mzere uliwonse pa paketi pamene mukunena.

Mukatero musafunse kuti "mwamva?" Mwaulemu wathu, palibe amene angayankhe dokotala kapena mphunzitsi kuti ayi. Funsani chonchi: "Kuti ndione ngati ndafotokoza bwino, tandiuzani, mukafika kunyumba mumwa nthawi yanji, ndipo mawa mutani?" Funsoli likuika mlandu pa wofotokoza, ndiye munthu sachita manyazi. Akalakwitsa, konzani mbali yolakwikayo yokha ndi mawu ena, n'kufunsanso. Zizindikiro zoopsa zoti abwerere nazo msanga kuchipatala, monga kukomoka kapena kusanza chilichonse, zinenedwe pazokha kamwedwe katamveka kale.

Mndandanda ukatalika, anthu amakumbukira zoyambirira ndi zomalizira, zapakati zimamira. Pa msonkhano wa m'mudzi, mfundo yaikulu isabisike pakati pa malonje ndi zolengeza za maliro ndi chitukuko. Inenedwe koyambirira kwa nkhani, ibwerezedwe anthu asanabalalike.

Chachinayi: lumikizani ndi tanthauzo

Kubwereza chamumtima kumasunga chinthu kwa nthawi imene mukubwerezayo, koma pakokha sikukhazikitsa bwino. Fergus Craik ndi Endel Tulving mu 1975 ankaonetsa anthu mawu n'kufunsa limodzi mwa mafunso atatu: kodi alembedwa m'zilembo zazikulu, kodi akumveka mofanana ndi mawu akuti, kapena kodi angalowe m'chiganizo chakuti. Mawu amene anafunsidwa za tanthauzo anakumbukiridwa kuposa kawiri poyerekeza ndi amene anangoyang'anidwa kalembedwe. Chimene munthu waganizira ndi chimene chimatsala.

John Bransford ndi Marcia Johnson mu 1972 anawerengera anthu ndime yofotokoza kachapidwe ka zovala koma yosatchula zovala kapena kuchapa. Amene anauzidwa mutu wake asanamve anakumbukira mfundo pafupifupi kuwirikiza kawiri. Amene anauzidwa mutuwo atamva kale sanapindule kanthu. Choncho nenani mutu ndi cholinga poyamba, osati pomaliza.

Mlangizi wa zaulimi akanena kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75, mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, wapereka manambala atatu ouma. Afunse alimiwo kaye kuti chimachitika n'chiyani mbewu zitatu zikamera phando limodzi, ayankhe okha za kulimbirana chakudya ndi dzuwa. Kenako aliyense adule kamtengo kake ka masentimita 25 ndipo abzale mapando angapo pomwepo. Zimene munthu watulutsa yekha m'kamwa mwake zimakhalitsa kuposa zimene wangouzidwa.

Luso la manja lili ndi njira yakeyake m'ubongo. Henry Molaison wa ku America anachitidwa opaleshoni mu 1953 chifukwa cha khunyu, ndipo anachotsedwa mbali yaikulu ya kachiwalo ka m'ubongo kotchedwa hippocampus mbali zonse ziwiri. Kuchokera pamenepo ankatha kucheza bwinobwino koma sankasunga zochitika zatsopano. Komabe Brenda Milner atamuphunzitsa kutsata chojambula cha nyenyezi akuyang'ana pa galasi, dzanja lake linkapita patsogolo tsiku ndi tsiku pamene mwiniwake sankakumbukira kuti anayesapo. Kusoka ukonde, kupalasa bwato, kusungunula paketi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi abwino, izi siziphunziridwa ndi khutu. Mpatseni munthuyo botolo ndi paketi achite yekha inu mukuona.

Kuloweza liwu ndi liwu kuli ndi malo ake. Matebulo a masamu, ndakatulo ndi malemba opatulika amafuna zimenezo. Vuto limabwera wophunzira akatengera njira yomweyo ku Biology kapena Geography, kumene funso la mayeso limatembenuza mfundo. Pa mfundo iliyonse adzifunse mafunso awiri: n'chifukwa chiyani zili choncho, ndipo chitsanzo chake kwathu kuno n'chiti?

Chachisanu: bwerezani motalikitsa, ndipo gonani

Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anafalitsa mu 1885 zotsatira za kudziyesa yekha ndi timawu topanda tanthauzo. Ankayeza kuchuluka kwa nthawi imene wapulumutsa pophunziranso mndandanda womwewo. Patatha mphindi 20 ankapulumutsa 58 peresenti, patatha ola limodzi 44, patatha tsiku limodzi pafupifupi 34, patatha masiku 31 pafupifupi 21. Zinthu zatanthauzo siziiwalika msanga chomwecho, koma kayendedwe kake ndi komweko: zambiri zimatayika m'maola oyambirira, kenako kutayikako kumachepa.

Maola atatu ogawidwa m'masiku atatu amaposa maola atatu a usiku umodzi. Nicholas Cepeda ndi anzake mu 2008 anayesa anthu opitirira 1,300 ndipo anapeza kuti mpata wabwino wobwerezera umadalira kutalika kwa nthawi imene mukufuna kukumbukira. Ngati mayeso ali patatha sabata, bwerezani patatha tsiku limodzi kapena awiri. Ngati ali patatha mwezi, mpata wa sabata ndi theka ndi wabwino. Ngati ali patatha chaka, masabata atatu kapena kupitirirapo. Kwa wa Fomu 4, dongosolo losavuta ndi ili: mutu umene waphunzira lero aubwerere mawa kwa mphindi 10, kenako patatha masiku atatu, patatha sabata, patatha mwezi. Alembe masikuwo pamwamba pa tsamba la kope n'kumachonga. Masikuwa si lamulo; chofunika ndi chakuti pobwerera azikhala atayamba kuiwalako pang'ono. Amwalimu ophunzitsa ana kuloweza Qur'an amaidziwa kale njira imeneyi, popeza mwana sapatsidwa ndime yatsopano osabwerezanso zakale.

Tulo ndi mbali ya kuphunzira. John Jenkins ndi Karl Dallenbach mu 1924 anapeza kuti ophunzira amene anagona ataloweza anakumbukira zambiri kuposa pamene anakhala maso kwa maola omwewo, ndipo kafukufuku wa masiku ano akusonyeza kuti m'tulo ubongo umabwereza ndi kukhazikitsa zimene zalowa masana. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10. Chizolowezi choviika mapazi m'beseni la madzi ozizira kuti uchezere usiku wonse ukuwerenga chimawononga kawiri: zowerengedwazo sizikhazikika, ndipo m'mawa mwake chidwi chimakhala chofooka. Mnyamata amene wachezera pa nyanja ndi nyali za usipa n'kulowa m'kalasi 7 koloko ali m'vuto lomwelo, ndipo chibalo sichingamubwezere tulo.

Chachisanu ndi chimodzi: dziyeseni, musangowerenganso

Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke mu 2006 anapatsa ophunzira ndime yoti aphunzire. Gulu lina linawerenga maulendo anayi. Lina linawerenga ulendo umodzi kenako n'kulemba zimene likukumbukira maulendo atatu, ndime itachotsedwa. Atayesedwa patatha mphindi 5, owerenga kanayi anapambana, 83 peresenti kwa 71. Patatha sabata zinatembenuka: owerenga kanayi anatsala ndi 40 peresenti, odziyesa 61. Chodabwitsa china n'chakuti owerenga kanayiwo ndi amene ankadzidalira kwambiri kuti adzakumbukira. Tsamba ukaliona kachinayi limaoneka lachizolowezi, ndipo mtima umati ndadziwa. Kuzindikira chinthu chili pamaso ndi kuchitulutsa m'mutu pa pepala lopanda kanthu ndi ntchito ziwiri zosiyana, ndipo MANEB imayesa yachiwiriyo.

Kachitidwe kake ndi aka. Werengani kachigawo kamodzi, masamba awiri kapena atatu. Tsekani buku. Pa pepala lopanda kanthu lembani zonse zimene mukukumbukira kwa mphindi 5 mpaka 10, ndipo musatsegule msanga pamene mwakakamira, chifukwa kuvutikirako ndi kumene kukulimbitsa. Tsegulani, yerekezani, ndipo zimene munasiya kapena kulakwitsa zilembeni ndi cholembera cha mtundu wina. Ulendo wotsatira muyambire pa zimenezo. Osadumpha kuyerekezaku, apo ayi mukhazikitsa cholakwika. Mapepala a mayeso akale muziwayankha buku lili lotseka ndi wotchi ili pambali, ndipo pa masamu sakanizani mitundu ya mafunso kuti muzolowere kusankha njira, popeza pa mayeso palibe amene adzakuuzeni kuti funso ili ndi la mutu wakuti.

Mphunzitsi wa kalasi ya ana ochuluka angachite zomwezi m'mphindi 5 zoyambirira: mafunso atatu, limodzi la dzulo, limodzi la sabata yatha, limodzi la mwezi watha. Aliyense alembe yankho mphunzitsi asanaloze woyankha. Akalozeratu mwana mmodzi, ena onse amapumula.

Nthawi zina chinthu chili m'mutu koma chikusowa chokokera. Duncan Godden ndi Alan Baddeley mu 1975 anaphunzitsa mawu akatswiri osambira pansi pa madzi ku Scotland, ena ali pamtunda ena ali pansi pa nyanja, ndipo anakumbukira bwino poyesedwa pamalo pamene anaphunzirira. Ena atabwereza kafukufukuyu sanapeze kusiyana kwakukulu chomwecho, ndiye musadalire malo. Werengerani malo osiyanasiyana, ndipo maphunziro a luso azichitikira kumene lusolo likagwire ntchito, kumunda, ku doko kapena pa chitsime.

Kukumbukira zoti uchite m'tsogolo kumavuta mwapadera chifukwa palibe wokufunsa. Peter Gollwitzer anasonyeza kuti anthu amakwaniritsa kwambiri akamangirira chochitacho ku nthawi ndi malo enieni. "Ndizimwa mankhwala tsiku lililonse" ndi lonjezo lopanda chokokera. "Ndikamaliza swala ya m'bandakucha ndimwa piritsi limene lili pambali pa mkeka" kapena "ndikangotsuka m'kamwa usiku" lili nacho. Sankhani chinthu chimene munthuyo amachita kale tsiku lililonse mosalephera, ndipo anene yekha chiganizocho mokweza.

Kwa ofunsa mboni

Apa fanizo la nkhokwe lija limalephera, chifukwa chimene chasungidwa sichituluka monga chinalowera. Ubongo umachimanganso ulendo uliwonse, n'kudzaza mipata ndi zimene ukuyembekezera kapena zimene wamva pambuyo pake. Elizabeth Loftus ndi John Palmer mu 1974 anaonetsa anthu kanema wa ngozi ya galimoto. Ofunsidwa ndi mawu osonyeza kuphwanyana anati galimotozo zinkathamanga mamailosi opitirira pang'ono 40 pa ola, ofunsidwa ndi mawu osonyeza kugundana chabe anati 34. Atayesanso anthu ena, patatha sabata 16 mwa anthu 50 ofunsidwa za kuphwanyana anati anaona magalasi osweka, poyerekeza ndi 7 mwa 50 ofunsidwa za kugundana. M'kanemamo munalibe galasi losweka.

Mafumu, a komiti ya sukulu ndi a chitetezo cha m'mudzi atengepo izi. Funsani mboni msanga, aliyense payekha, asanakambirane. Yambani ndi "tafotokozani zonse zimene munaona" ndipo musadule mawu. Funso lakuti "anavala malaya ofiira, eti?" lalowetsa kale malaya ofiira m'mutu mwa mboni, funsani kuti "anavala chiyani?" Lembani mawu ake oyambirira monga wanenera. Mboni yolankhula motsimikiza patapita miyezi ikhoza kukhala yolakwitsa popanda kunama.

Kupeza pamene pavuta

Mufunseni munthuyo abwereze nthawi yomweyo. Akalephera, vuto lili m'magawo atatu oyambirira: sanamve bwino, maganizo anali kwina kapena mwamuchulukitsira. Chepetsani, chotsani zosokoneza, yesaninso. Akabwereza bwino lero koma mawa palibe, sizinalumikizidwe ndi tanthauzo kapena sizinabwerezedwe. Akakumbukira mutangomupatsa liwu loyamba kapena kumuonetsa paketi, zilimo, chosowa ndi chizolowezi chozitulutsa, ndiye muzimufunsa kawirikawiri m'malo momufotokozeranso.

Pali kuiwala kwina kumene njira zonsezi sizingakonze. Njala, kuchepa kwa magazi, malungo obwerezabwereza ndi likodzo, limene ndi lofala m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, zimafooketsa chidwi cha mwana, ndipo mafinya a m'khutu amamulanda mawu asanafike n'komwe. Mwana amene amangoti duu kwa masekondi angapo kangapo pa tsiku, osayankha ngakhale mumuitane, akhoza kukhala ndi mtundu wina wa khunyu. Munthu amene wasokonezeka mwadzidzidzi thupi likutentha, kapena atagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Agogo amene ayamba kusochera pa njira imene aiyenda moyo wawo wonse, kuiwala mayina a ana awo kapena kuyenda usiku osadziwa kumene akupita ali ndi matenda a ubongo, si ufiti. Apititseni ku chipatala chapafupi kapena cha boma ku Mangochi, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala, mankhwala onse amene akumwa, ndi wachibale amene angafotokoze kuti zinayamba liti komanso ngati zinabwera mwadzidzidzi kapena pang'onopang'ono.